Kodi demokalase ya ku America inayamba ndi bodza? Yankho kwa mphunzitsi wa mbiri

Funso la ulendo uno lachokera kwa mphunzitsi wa mbiri yakale pa sukulu ina ya sekondale, ndipo walemba motere: "Sabata yatha tinkakambirana m'kalasi za mmene dziko la America linapezera ufulu wodzilamulira. Nditawerenga mawu otchuka aja akuti anthu onse analengedwa ofanana, mtsikana wina anakweza dzanja n'kufunsa kuti, 'Aphunzitsi, kodi amene analemba mawuwa si ankasunga akapolo?' Ndinasowa choyankha, ndipo ndinatuluka m'kalasimo ndili ndi manyazi. Kodi ndiwauze anawa kuti demokalase ya ku America inayamba ndi bodza? Nanga oyambitsa dzikolo ankafuna chiyani kwenikweni, ndipo maganizo awo anawatenga kuti?"

Aphunzitsi, poyamba mtima ukhale m'malo. Kusowa choyankha pa funso limenelo sikutanthauza kuti simukulidziwa phunziro lanu, chifukwa funso lomwelo lakhala likusautsa eni dzikolo kwa zaka zoposa 200, ndipo linafunsidwa ngakhale chikalata chimene munawerengacho chisanalembedwe. Mu 1775 mlembi wa ku London, Samuel Johnson, anadabwa poyera kuti zikutheka bwanji kuti anthu ofuula kwambiri za ufulu akhale omwewo amene amakusa akapolo. Ine ndaphunzitsa mbiri ya malamulo oyendetsera mayiko kwa zaka zambiri, ndipo palibe chaka chimene chimatha wophunzira wina asanandifunse zimenezi. Kawirikawiri wofunsayo amakhala amene akutsatira bwino kuposa anzake. Choncho mtsikanayo mukamuyamikire pamaso pa kalasi yonse.

Yankho langa ndi lakuti musawauze kuti linali bodza, komanso musawauze kuti oyambitsa dzikolo anali anthu opanda banga. Chimene iwo anamanga sichinali demokalase monga tikuidziwira lero, moti mawu akuti demokalase simungawapeze m'chikalata cholengeza ufulu cha 1776 kapena m'malamulo oyendetsera dziko a 1787. Iwo anamanga boma lomangidwa manja, lokhala ndi mphamvu zolembedwa ndi malire olembedwa. Demokalase yeniyeniyo inadza pambuyo pake, pang'onopang'ono komanso mwa magazi, kudzera mwa anthu amene anasiyidwa kunja koma n'kugwira mawu a oyambitsawo osawataya.

Mizu ya maganizo amenewa ili ku England. Mu 1215 akuluakulu a dzikolo anaumiriza mfumu John kuvomera chikalata cha Magna Carta, chimene chinanena kuti mfulu isamangidwe popanda chiweruzo choyenera, ndipo mu 1689 nyumba ya malamulo inakhazikitsa kuti mfumu singatolere msonkho popanda chilolezo cha aphungu. Pa nthawi yomweyo John Locke anaphunzitsa kuti munthu amabadwa ndi ufulu umene boma silinamupatse, kuti boma limakhalapo chifukwa anthu avomera, ndiponso kuti boma likaphwanya pangano anthu akhoza kulichotsa. Mu 1748 Montesquieu wa ku France anafotokoza kuopsa koika m'manja amodzi mphamvu zopanga malamulo, zoyendetsa boma ndi zoweruza milandu. Komabe mabuku okha sakanakwanira. Azungu amene anakakhazikika m'madera 13 a atsamunda m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic anali atazolowera kale kudzilamulira pa zinthu za kwawo, popeza London inali kutali, ulendo wa masabata ambiri pa sitima ya pamadzi. Ku Virginia aphungu osankhidwa anakumana koyamba mu Julayi 1619. Ndikupemphani kuti chaka chimenechi mukachilembe pa bolodi, chifukwa patangopita masabata ochepa, mu Ogasiti chaka chomwecho, sitima inakocheza ku Virginia komweko ndi anthu a ku Africa okwana 20 ndi owonjezerapo pang'ono, n'kuwagulitsa. Nyumba ya aphungu ndi ukapolo zinakulira limodzi kuyambira pachiyambi, ndipo funso la wophunzira wanu linabadwira pamenepo.

Mkangano ndi Britain unabuka nkhondo yolimbana ndi France itatha mu 1763. Boma la ku London linali ndi ngongole yaikulu, ndipo linaganiza zoti anthu a ku America athandize kuibweza. Mu 1765 linaika msonkho pa mapepala, nyuzipepala ndi zikalata za kukhoti, koma anthuwo anakana ponena kuti analibe phungu ngakhale mmodzi m'nyumba ya malamulo imene inkawadula msonkhowo. Vuto lalikulu silinali kuchuluka kwa ndalamazo, koma funso lakuti ndani ali ndi mphamvu yopisa m'thumba la munthu. Mu Disembala 1773 anthu a ku Boston anakhuthulira m'nyanja mabokosi 342 a tiyi, mu Epulo 1775 mfuti zinalira ku Lexington ndi Concord, ndipo pa 4 Julayi 1776 nthumwi zimene zinasonkhana ku Philadelphia zinavomereza chikalata chimene mbali yaikulu analemba ndi Thomas Jefferson, ali ndi zaka 33. Chikalatacho chimanena zinthu zinayi zimene ophunzira anu ayenera kuzigwira pamtima: kuti anthu onse analengedwa ofanana, kuti Mlengi anawapatsa ufulu wosalandika, monga moyo, kumasuka ndi kufunafuna chimwemwe, kuti mphamvu zoyenera za boma zimachokera ku chilolezo cha olamulidwa, ndiponso kuti anthu akhoza kusintha kapena kuchotsa boma lowononga ufulu umenewu.

Tsopano wophunzira wanu ananena zoona. Jefferson anasunga akapolo oposa 600 pa moyo wake wonse, ndipo amene anawamasula anali ochepa kwambiri. Iye ankadziwa kuti ukapolo ndi tchimo, moti m'chikalata chimene anayamba kulemba munali ndime yodzudzula malonda a akapolo, ngakhale kuti mlanduwo anaukankhira kwa mfumu ya Britain. Nthumwi zinzake zinaifufuta ndimeyo pofuna kusakwiyitsa zigawo za South Carolina ndi Georgia. Palibe chifukwa chobisira ana zimenezi. Koma mukawauzenso za mayi wina kapolo wa ku Massachusetts, amene pambuyo pake anadzitcha Elizabeth Freeman. Malamulo atsopano a chigawocho, a 1780, ankanena kuti anthu onse amabadwa mfulu ndiponso ofanana. Mayiyu, amene sankadziwa kuwerenga, anapita kwa loya kukafunsa ngati mawuwo sakumukhudza iyeyo, ndipo mu 1781 khoti linamumasula. Ndimakonda kufotokoza nkhaniyi chifukwa imasonyeza kuti mawu akalembedwa poyera sakhalanso a mlembi yekha. Wina aliyense akhoza kuwatola n'kubwerera nawo kwa mwiniwake kudzafunsa mangawa.

Nkhondo inatha ndi pangano la ku Paris mu 1783, koma boma loyamba limene zigawo 13 zija zinagwirizana linali lofooka zedi. Poopa kudzipangira mfumu ina, iwo sanalipatse mphamvu yotolera msonkho, linalibe pulezidenti, linalibe makhoti akeake a dziko lonse, ndipo pangano lawolo silikanasinthidwa popanda zigawo zonse kuvomera. Asilikali amene anamenya nkhondo ankadikira malipiro osafika, ndipo mu 1786 alimi a ku Massachusetts, amene minda yawo inkalandidwa chifukwa cha ngongole ndi misonkho, ananyamula zida n'kutseka makhoti, mmodzi mwa atsogoleri awo ali Daniel Shays. Zimenezi zinachititsa mantha anthu achuma ndi ophunzira. Nthumwi zimene zinapita ku Philadelphia mu Meyi 1787 zinanyamula mantha awiri: kuopa wolamulira mmodzi wankhanza, ndi kuopa khamu la anthu okwiya. Amene wamvetsa mantha awiriwa sadabwa ndi ndime iliyonse ya malamulo amene zinalemba.

Nthumwi zonse zimene zinafikako zinali 55, zochokera m'zigawo 12, popeza Rhode Island inakana kutumiza munthu. George Washington ndiye anali wapampando, Benjamin Franklin anali ndi zaka 81, ndipo James Madison, wa zaka 36, ankakhala kutsogolo n'kumalemba zokambirana tsiku ndi tsiku, zimene zinadzasindikizidwa iye atamwalira. Anagwirizana zosunga chinsinsi, choncho ankakambirana mawindo ali otseka m'nyengo yotentha kwambiri, kuti munthu athe kusintha maganizo popanda kunyozedwa kunja. Mkangano umene unatsala pang'ono kuphwasula msonkhanowo unali wa zigawo zazikulu ndi zazing'ono. Virginia inkafuna kuti aphungu aziwerengedwa potengera kuchuluka kwa anthu, pamene zigawo ngati Delaware ndi New Jersey zinkaopa kumezedwa. Pa 16 Julayi anagwirizana zokhala ndi nyumba ziwiri: ya aphungu, yotengera chiwerengero cha anthu, ndi ya Senate, mmene chigawo chilichonse chili ndi mipando iwiri. N'chifukwa chake mpaka lero California, ya anthu pafupifupi 39 miliyoni, ili ndi mipando yofanana ndi Wyoming, imene anthu ake sakwana 600,000.

Pamtima pa malamulowa pali kusakhulupirira munthu aliyense wokhala ndi mphamvu, ndipo ine ndimaona kuti iyi ndiyo mphatso yaikulu imene anthuwa anasiyira dziko lapansi. Madison analemba kuti anthu akanakhala angelo boma silikanafunika, ndipo popeza si angelo, njira yake ndiyo kugwiritsa ntchito khumbo la munthu wina pobweza khumbo la mnzake. Motero nyumba ya malamulo imapanga malamulo, koma pulezidenti akhoza kukana kusaina bilu, ndipo aphunguwo akhoza kudutsitsabe biluyo ngati magawo awiri mwa atatu a nyumba iliyonse avomera. Pulezidenti amalamula asilikali, koma mphamvu yolengeza nkhondo ndi yopereka ndalama ili kwa aphungu. Iye amasankha oweruza milandu, koma Senate iyenera kuwavomereza, ndipo akalowa ntchito sangawachotse chifukwa chakuti chigamulo chawo chamuwawa. Nthawi ya maudindo inasiyanitsidwanso dala, aphungu zaka 2, pulezidenti zaka 4, a ku Senate zaka 6, kuti mkwiyo wa chaka chimodzi usasese boma lonse nthawi imodzi. Pamwamba pa izi mphamvu zinagawidwanso pakati pa boma la dziko lonse ndi maboma a zigawo.

Koma taonani mmene anthu wamba anawaikira patali. Pa nthambi zonsezi, nyumba ya aphungu yokha ndiyo inkasankhidwa ndi anthu mwachindunji. A ku Senate ankasankhidwa ndi nyumba za malamulo za zigawo mpaka mu 1913, ndipo pulezidenti amasankhidwa ndi gulu la osankha ochokera m'zigawo, amene lero alipo 538, wopambana n'kufunika 270. Njira imeneyi ndiyo inachititsa kuti mu 2000 ndi mu 2016 wopeza mavoti ochepa m'dziko lonse alowe m'boma. Za amene ayenera kuvota anazisiya m'manja mwa zigawo, ndipo zambiri zinkalola amuna okhaokha okhala ndi katundu kapena olipira msonkho. Abigail Adams anali atalembera kale mwamuna wake John Adams mu Malichi 1776 kumupempha kuti akakumbukire amayi m'malamulo atsopano a dzikolo, koma bamboyo anangoziseka.

Pa nkhani ya ukapolo ndi pamene pali chilonda chachikulu, ndipo muyenera kuchifotokoza mosamala chifukwa ambiri amachisokoneza. Pafupifupi theka la nthumwi zija zinali ndi akapolo, ndipo kalembera wa 1790 anapeza akapolo pafupifupi 700,000 mwa anthu 3.9 miliyoni. Mawu akuti kapolo anawazemba m'chikalata chonsecho, koma ukapolowo anautchinjiriza m'malo atatu. Analetsa boma kuletsa malonda obweretsa akapolo chisanafike chaka cha 1808, analamula kuti wothawa abwezedwe kwa mbuye wake, ndipo anagwirizana kuti powerengera mipando ya aphungu, pa akapolo asanu aliwonse aziwerengedwa atatu. Ophunzira ambiri amaganiza kuti eni akapolo ndiwo ankafuna kuwachepetsa, pamene zoona zake ndi zosiyana: eni akapolo ankafuna kuti awerengedwe onse, kuti zigawo zawo zipeze mipando yambiri pogwiritsa ntchito anthu amene sankaloledwa kuvota. Nthumwi zambiri zinavomera izi poopa kuti zigawo za kummwera zituluka mu mgwirizano. Chifukwa chimenecho ndimachimvetsa, koma sindichilandira ngati chowachotsera mlandu, pakuti amene analipira mtengo wa umodziwo sanafunsidwe. Akuluakulu amati mlandu suwola: mu 1857 khoti lalikulu linagamula pa mlandu wa Dred Scott kuti munthu wakuda sangakhale nzika, ndipo kuyambira 1861 mpaka 1865 dzikolo linamenyana lokha nkhondo imene inapha anthu oposa 600,000.

Pa 17 Sepitembala 1787 nthumwi 39 zinasaina, ndipo zitatu zimene zinalipo zinakana. Mmodzi mwa okanawo, George Mason wa ku Virginia, anadandaula kuti munalibe mndandanda wa ufulu wa anthu. Otsutsa oterewa muwapatse ulemu wawo m'kalasi, chifukwa popanda iwo ndime zotchuka kwambiri za malamulowa sizikanakhalapo. Kuti chikalatacho chigwire ntchito panafunika kuti zigawo 9 zichivomereze, ndipo mpikisano unali woopsa: ku Virginia chinadutsa ndi mavoti 89 kwa 79, ku New York 30 kwa 27. Alexander Hamilton, Madison ndi John Jay analemba nkhani 85 zochiteteza, koma chimene chinakopa okayika ambiri chinali lonjezo lakuti ufulu wa anthu udzawonjezedwa. Lonjezolo linakwaniritsidwa mu Disembala 1791 ndi ndime 10 zowonjezera, zoteteza ufulu wa chipembedzo, wolankhula, wa atolankhani, wosonkhana, wosasechedwa popanda chifukwa, ndi woweruzidwa mwachilungamo.

Pepala palokha silikanasunga dziko. Washington, pulezidenti woyamba wa dzikolo, akanatha kupitiriza, koma anatula pansi udindo mu 1797 atalamulira matemu awiri, ndipo mwambo umenewo unadzakhala lamulo mu 1951. Mu 1801 pulezidenti John Adams, atagonja pa chisankho chodzaza ndi kunyozana, anasiyira mpando mdani wake wa ndale Jefferson popanda kuitana asilikali. Mu 1803, pa mlandu wa Marbury ndi Madison, woweruza wamkulu John Marshall anakhazikitsa kuti khoti likhoza kukana lamulo losemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Ophunzira anu adzaizindikira mfundo yakuti khoti likhoza kuimitsa nthambi zina za boma, popeza m'dziko lathu lomwe lino khoti linathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti mu Febuluwale 2020. Sikuti oyambitsawo sanaphwanye okha zimene analemba: mu 1798 anakhazikitsa lamulo lomanga odzudzula boma, ndipo akonzi a nyuzipepala ena analowadi m'ndende.

Kukula kwa demokalase kunatsata njira ya Elizabeth Freeman uja. Mu 1848 amayi amene anasonkhana ku Seneca Falls anatenga mawu a Jefferson n'kuwonjezamo akazi. Mu 1852 Frederick Douglass, amene anathawa ukapolo, anafunsa kuti tsiku la 4 Julayi lili ndi tanthauzo lanji kwa kapolo, koma mfundo za chikalatacho sanazitaye, anazigwiritsa ntchito poimba mlandu dzikolo. Ukapolo unathetsedwa m'malamulo mu 1865, unzika wa obadwira m'dzikolo unatsimikizidwa mu 1868, amuna akuda analonjezedwa voti mu 1870, amayi mu 1920, ndipo mitundu ya eni nthaka, imene inalandidwa malo n'kusamutsidwa mokakamiza, inapatsidwa unzika yonse mu 1924. Ngakhale zinali choncho, kummwera anthu akuda ambiri sanathe kuvota mpaka lamulo la 1965. M'busa John Chilembwe, amene anapita ku America mu 1897 n'kukaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, kwawo kwa Jefferson ndi Madison, anakhala pakati pa anthu akuda amene ufulu wawo wovota unkalandidwa m'zaka zomwezo. Mfundo imeneyi imayandikizitsa nkhani yonseyi kwa ana athu.

Za kaphunzitsidwe, njira imene yandithandiza kwambiri ndi yogawa kalasi m'magulu oimira zigawo zazikulu, zazing'ono, zosunga akapolo ndi zosasunga, n'kuwauza kuti agwirizane za mipando ya aphungu belu lisanalire. Ophunzira ena atatu kapena anayi ndimawakhazika pakhomo, kuimira akapolo, amayi ndi eni nthaka, ndipo saloledwa kulankhula. Tsiku lina mnyamata wina wa pakhomopo, atamva anzake akutsutsana ngati iye awerengedwe wathunthu kapena ayi, anaimirira nkhope ili gwaa n'kunena kuti, "Mukukambirana za ine ngati thumba la chimanga." Kalasi yonse inangoti zii, ndipo tsiku limenelo sindinafunikenso kufotokoza zambiri. Mukachita zimenezi, sankhani okhala pakhomo mwa kufuna kwawo, musasankhe mwana amene anzake amamunyoza kale, ndipo pomaliza apatseni mpata woyamba wolankhula.

Pali ngozi ziwiri zofunika kuzipewa. Ina ndi yotamanda America ngati kuti malamulo ake anatsika kumwamba ndipo dziko lililonse liyenera kungowakopera, pamene eni ake akukanganabe za Senate, za gulu losankha pulezidenti, ndi za kuvuta kosintha malamulowo, kumene kumafuna magawo awiri mwa atatu a nyumba zonse ziwiri komanso zigawo 38 mwa 50. M'zaka zonsezi asinthidwa ka 27 kokha. Ngozi inayo ndiyo ndimaiopa kwambiri pa achinyamata: kuwasiya akuganiza kuti popeza olembawo anali achiphamaso, ndiye kuti mfundo za kufanana ndi malire a mphamvu ndi chikomekome cha nkhuyu. Mwana wotuluka m'kalasi ndi maganizo amenewo sadzaona chifukwa chofunsira mtsogoleri aliyense kuti asunge zimene analumbira.

Musanabwerere ku mutuwu, werengani nokha zikalata ziwirizi, cholengeza ufulu cha 1776 ndi cha malamulo oyendetsera dziko a 1787, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Zonse ndi zazifupi, malamulo a 1787 sakwana mawu 5,000, ndipo zimapezeka mwaulere pa intaneti patsamba la National Archives, nyumba ya ku Washington imene imasunga zikalata zenizenizo. Pa mfundo zimene zidzalowe m'mayeso, tsatirani silabasi ndipo mukambirane ndi mkulu wa dipatimenti yanu. Ana akayamba kufunsa za mmene makhoti amatanthauzira ndime inayake masiku ano, monga ya mfuti kapena ya chipembedzo, musayankhe mongoganizira, chifukwa zigamulo zimasintha. Itanani loya kapena mphunzitsi wa zamalamulo wa kuyunivesite kuti adzacheze nawo ola limodzi. Ndipo ngati m'kalasi mwanu muli mwana amene m'bale wake ali ku America ndipo akufunsa za unzika kapena zitupa zokhalira m'dzikolo, muuzeni kuti zimenezo zimafuna loya wovomerezeka wa m'dziko lomwelo, osati phunziro la mbiri.